Mboni za ku Twapia ndi Sukulu ya Atsogoleri a Chilungamo

Twapia ndi komboni imene ili kumadzulo kwa mzinda wa Ndola, kufupi ndi msewu waukulu wopita ku Kitwe, ndipo munthu wapaulendo amene akuthamangira malonda ake angathe kuidutsa osaicheukira n'komwe, popeza pamaso ilibe chosiyana ndi makomboni ena a ku Migodi: nyumba za njerwa ndi malata, matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa njira, ana osewera mpira wachikulunga pafumbi, ndi amayi a pamsika oitanira malonda m'Chibemba, m'Chilamba, pena m'Chinyanja cha zidzukulu za machona. Koma ine, nthawi iliyonse ndikamva kuti mkulu wina wa polisi, kapena wa ndende, kapena wa kukhoti, wapita kusukulu ya ukachenjede kukatenga digiri yachiwiri pa za utsogoleri ndi kayendetsedwe ka chilungamo, mtima wanga umabwerera ku Twapia, chifukwa kumeneko kunachitika chinthu chimene chiyenera kukhala phunziro loyamba la aliyense wofuna kulamula anthu onyamula unyolo ndi makiyi a chitokosi.

Usiku wa pa 17 Sepitembala 1961, ndege yotchedwa Albertina inali kuyandikira Ndola kuchokera ku Léopoldville, itanyamula mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, Dag Hammarskjöld, pamodzi ndi anthu ena 15, pa ulendo wokakumana ndi Moïse Tshombe, mtsogoleri wa Katanga, kuti akambirane za nkhondo ya kumeneko. Pakati pa usiku patangopitirira pang'ono, ndegeyo inagwa m'nkhalango, pamtunda wa makilomita pafupifupi 15 kuchokera pabwalo la ndege. M'nkhalango imeneyo munali anthu, pakuti owotcha makala a ku Twapia ankagona pafupi ndi mauvuni awo kulondera moto. Ndipo m'komboni momwemo munali a Timothy Kankasa, mlembi wa bungwe loyendetsa Twapia, amene pambuyo pa ufulu anadzakhala nduna ya boma. A Kankasa anachitira umboni kuti usikuwo anaona ndege ziwiri, yaikulu ndi ina yaing'ono pamwamba pake, ndipo ena mwa owotcha makala ananenanso zofanana ndi zomwezo. Malinga ndi zimene iwo ndi akazi awo, mayi Chibesa Kankasa, anadzafotokoza m'zaka zotsatira, owotcha makala anafika kudzanena za ngoziyo m'mawa, ndipo uthenga unaperekedwa kwa akuluakulu a boma m'mawa momwemo. Komabe mabuku a boma amati ndegeyo inapezeka nthawi ya 3 koloko masana itapitirira, papita maola ngati 15 chigwere. Pamalopo anapezapo munthu mmodzi akali ndi moyo, Harold Julien, atapsa kwambiri ndiponso atagona padzuwa tsiku lonse; anamwalira m'chipatala cha Ndola patapita masiku owerengeka.

Pamene boma la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland linakhazikitsa bwalo lofufuza, limene mkulu wake anali Sir John Clayden, mboni zakuda zinaitanidwa ndithu, zinalumbira, zinalankhula, ndipo mawu awo analembedwa; koma pofika poweruza mu 1962, mawuwo anayesedwa opepuka ngati mankhusu, ndipo chigamulo chinali chakuti oyendetsa ndege ndiwo analakwitsa. Owotcha makala amene dzanja la lamulo linawafikira msanga ndi aja anatola kachipangizo kena pamalo a ngozi, pakuti iwowa anazengedwa mlandu wakuba naponyedwa m'ndende. Koma akale anati mlandu suwola. Mu 2011 Susan Williams anatulutsa buku limene linafukula umboni wa anthu a ku Twapia, ndipo kuyambira 2015 bungwe la United Nations linapatsa Mohamed Chande Othman, amene anali mkulu wa oweruza ku Tanzania, ntchito younikanso nkhaniyi; iye anapeza kuti mboni za m'deralo sizinapatsidwe ulemu woyenera umboni wawo, ndi kuti n'zotheka ndithu kuti ndegeyo inachita kuchitidwa chiwembu. Zinatenga zaka zoposa 50 kuti mawu a munthu wa makala alemere pasikelo.

Chimene ndifuna kuti owerenga aone m'nkhaniyi sindicho chinsinsi cha amene anagwetsa ndege, pakuti chimenecho chili ndi eni ake ochifufuza. Ndifuna aone kuti m'mawa wa pa 18 Sepitembala ku Ndola kunali apolisi ambiri, magalimoto analipo, ndege zofufuzira zinalipo pabwalo, malamulo analipo m'mabuku, ndipo akuluakulu ophunzira bwino analipo m'maofesi. Chimene chinasowa ndi munthu wa udindo amene, atamva uthenga wochokera kwa wonyozeka, akanadzuka pampando nanena kuti, tiyeni tikaone. Bungwe lililonse lili ndi makutu ake, ndipo amene amasankha kuti makutuwo atchere kuti ndi mtsogoleri. Ngati mkulu wa siteshoni sawerengera mawu a munthu wovala sanza, kapokola wa pakauntala sadzawalemba m'buku la zochitika, ngakhale palibe amene anamuuza kuti asalembe.

Polisi imene Zambia inalandira mu 1964 inali ndi mbiri yotere. Inali polisi yoleredwa kuti isunge bata m'migodi ndi kutolera msonkho, ndipo chilankhulo chake cha pa perete ndi m'makampu chinali Chinyanja chathuchi, kotero kuti kwa anthu ambiri a ku Migodi mawu athu anayamba kumveka ngati mawu a chilamulo. Ichi ndi cholowa chimene ife olankhula Chinyanja sitiyenera kuchiiwala. M'mwezi wa Meyi 1935, boma litakweza msonkho wa anthu a m'matauni mwadzidzidzi ndi kuulengeza mosalongosoka, anthu a m'migodi ya Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope ananyanyala ntchito, ndipo ku Luanshya apolisi anawombera napha anthu 6. Mu 1940 ku Nkana asilikali anawomberanso, ndipo anafa anthu 17. Pa zochitika ziwirizi, mfuti inalira chifukwa akulu analephera kufotokoza, kumvetsera ndi kuoneratu zakutsogolo. Mu 1965 a Michael Mataka anakhala Mzambia woyamba kutsogolera polisi, ndipo chiyambire pamenepo nkhope zasintha, mayina asintha, mpaka liwu lakuti Force linachotsedwa n'kuikapo lakuti Service. Koma chizolowezi cha bungwe chili ngati fungo la utsi m'denga la khitchini, limene silichoka chifukwa chakuti mwini nyumba wasintha.

Kusukulu za apolisi za ku Lilayi, kufupi ndi Lusaka, ndi ku Kamfinsa, kufupi ndi Kitwe, mnyamata kapena mtsikana amaphunzira kuguba, kugwira mfuti, kulemba sitetimenti, kudziwa ndime za malamulo a milandu, ndi koposa zonse kumvera. Maphunziro amenewa ndi ofunika, ndipo sindiwapeputsa. Koma munthu amene waphunzira kumvera zaka 20, tsiku lina amapatsidwa nyota paphewa nauzidwa kuti tsopano alamule anthu mazana, agawe mafuta a galimoto, akonze ndondomeko ya ndalama za chaka, alange mnzake amene analowa naye ntchito tsiku limodzi, ayankhe atolankhani, ndi kuimirira pamaso pa makolo amene mwana wawo wafera m'chitokosi. Ndipo zonsezi palibe amene anamuphunzitsa. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma si bwino kuupereka ku nkhonya usanakonzeke. Apa ndipo pali malo a maphunziro apamwamba amene tikunenawa.

Nzeru yakuti wapolisi akaphunzire kusukulu ya ukachenjede si yatsopano. August Vollmer, mkulu wa polisi mumzinda wa Berkeley ku America, anayamba kuphunzitsa apolisi pa yunivesite ya California mu 1916, ndipo ku England Leon Radzinowicz anakhazikitsa sukulu yofufuza za umbanda pa yunivesite ya Cambridge mu 1959, kumene kufikira lero akuluakulu a polisi ndi a ndende amapita kukatenga digiri yachiwiri asanasiye ntchito zawo. Chimene amaphunzira kumeneko, tikachivula zovala za mawu akuluakulu, ndi ichi: kuwerenga bwino ziwerengero kuti mtsogoleri adziwe kumene milandu ikuchuluka ndi nthawi yake, m'malo mongodalira mphekesera, kuyesa njira yatsopano pamalo amodzi ndi kuifanizira ndi malo ena asanaifalitse, kusunga ndi kugawa chuma cha boma mokhulupirika, kusankha, kukweza ndi kudzudzula antchito mopanda tsankho, ndi kuzindikira malire a mphamvu zimene lamulo lampatsa. Zimenezi ngakhale Malembo amazidziwa, pakuti Yetero, ataona mkamwini wake Mose akuweruza yekha kuyambira m'mawa kufikira madzulo, anthu ali chiimire, anamuchenjeza kuti adzalefuka iye pamodzi ndi anthuwo, namulangiza kusankha amuna okhulupirika, odana ndi chiphuphu, oti aziyang'anira zikwi, mazana, makumi asanu ndi makumi, kuti kwa iye kuzifika milandu yolemera yokha. Ndiko kugawa ntchito kumene mabuku a lero akulembera mitu yaitali. Ndipo mafumu athu, amene sankazenga mlandu popanda nduna, nyakwawa ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, anakudziwa kalekale.

Tsopano tiyeni titsate mapazi a mnyamata wa ku Twapia amene wagwidwa Lachisanu madzulo pomuganizira kuti waba foni. Lamulo likuti munthu womangidwa popanda chikalata akaonekere kukhoti pasanathe maola 24, kapena msanga monga kungathekere, ndipo likutinso bondi ya kupolisi ndi yaulere. Izi zalembedwa, ndipo akuluakulu a polisi amazibwereza pawailesi kawirikawiri. Koma kuti mnyamatayo akafike pamaso pa majisitireti, pafunika kuti wofufuza amalize doketi, doketiyo ipite kwa oimira boma a National Prosecution Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2010, ibwerere, papezeke galimoto, m'galimotomo mukhale mafuta, mboni ziuzidwe tsiku, womasulira akhalepo, ndipo woweruza asakhale kumsonkhano. Chimodzi mwa izi chikaduka, mlandu umaimitsidwa, ndipo mnyamata amapita ku rimandi kukadikira. Kukadukanso china mwezi wotsatira, amadikirabe. Mayi ake amagulitsa mbaula ndi mapoto kuti apeze ya basi ndi kakudya kokamupatsira. Pa unyolo wonsewu n'kutheka kuti palibe munthu mmodzi woipa mtima. Aliyense wagwira kachigawo kake nataya kotsalako kwa mnzake, ndipo palibe amene ntchito yake ndi kuwerenga masiku a mnyamatayo. Yosefe anakhala m'ndende zaka ziwiri zowonjezera chifukwa wopereka chikho anangomuiwala, ndipo Paulo anakhala zaka ziwiri ku Kaisareya chifukwa kazembe Felike ankayembekeza kuti alandirapo kanthu. Kuiwala ndi kuyembekeza kanthu ndi matenda awiri amene akudzaza ndende zathu kufikira lero, ndipo mankhwala a onse awiri ali m'manja mwa oyang'anira.

Kukula kwa vutoli kunaonekera poyera mu 2010, pamene bungwe la Human Rights Watch, mogwirizana ndi bungwe la ARASA ndiponso PRISCCA, bungwe la ku Zambia losamalira akaidi limene anayambitsa a Godfrey Malembeka, amene nawonso anakhalapo m'ndende, linatulutsa lipoti lonena kuti akaidi 15,300 a m'dziko lonse ankatumikiridwa ndi dokotala mmodzi yekha, ndi kuti m'zipinda zina anthu ankagona mosinthana kapena chokhala chifukwa cha kuthinana, chifuwa chachikulu chili kufalikira. Mu 2019 khoti lalikulu la Supreme linagamula mokomera akaidi awiri a pandende ya Lusaka Central amene anadandaula za chakudya ndi kuthinana. Ndipo kunena zoona, dziko silinakhale chete. Kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2016 kunasandutsa nthambi ya ndende kukhala Zambia Correctional Service, kutanthauza kuti cholinga chikhale kukonza munthu. Lamulo latsopano loyendetsera nthambiyi linadza mu 2021. Kusintha kwa malamulo mu 2022 kunakweza msinkhu umene mwana angaimbidwe mlandu kuchoka pa zaka 8 kufika pa 12. Ndipo mu Disembala 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lothetsa chilango cha imfa, patapita zaka 25 chinyongedwere anthu omaliza kundende ya Mukobeko mu 1997. Malamulo amenewa ndi abwino, ndipo ndiwayamika ndi mtima wonse. Koma lamulo lilibe miyendo. Kuti lifike kundende ya Kansenshi mu Ndola ndi ya Kamfinsa mu Kitwe, pafunika mkulu wa ndende amene adziwa kusandutsa ndime ya lamulo kukhala ndandanda ya ntchito ya Lolemba m'mawa: ndani alekanitse ana ndi akulu, ndani ayeze chifuwa aliyense wolowa, ndani alembere khoti za amene zikalata zawo zowasungira zatha mphamvu.

Abale athu a ku Malawi ali ndi chitsanzo choyenera kuti chiphunzitsidwe m'kalasi lililonse la maphunzirowa. M'chaka cha 2000 kunayambika ntchito ya Paralegal Advisory Service, imene inatumiza m'ndende anthu osakhala maloya koma ophunzitsidwa zoyambira za malamulo, kuti azifufuza amene akhalitsa pa rimandi, kuwaphunzitsa kupempha belo, kufunafuna abale owaimira, ndi kukumbutsa apolisi ndi makhoti za mafayilo ogona. Kuchokera pamenepo kunakula mwambo wakuti majisitireti azipita okha kundende kukaunika milandu pomwepo, m'malo modikira galimoto yosabwera. Nzeruyi inatamandidwa pamsonkhano wa ku Lilongwe wa 2004, umene unatulutsa chikalata chotchuka cha thandizo la malamulo mu Africa, ndipo maiko ena anaitengera. Sinafune nyumba zosanja kapena makina odula. Inafuna anthu amene anakhala pansi, naona pamene madzi akutayikira, natseka pomwepo.

Komabe ndikadakhala wosakhulupirika ndikadabisa nkhawa yanga pa madigiri amenewa. Masiku ano sukulu za ukachenjede zachuluka, ndipo pepala lasanduka makwerero. Alipo amene amalembetsa maphunziro a madzulo kapena a pa intaneti ndi mtima wofuna nyota yokha, nalemba kafukufuku wongotola m'mabuku a ku America ndi ku England, wonena za mizinda imene wapolisi aliyense ali ndi galimoto ndi kompyuta yake, pamene siteshoni imene iwo akuchokera ilibe ngakhale pepala lolembapo sitetimenti. Wotereyo amabwerako ndi mawu atsopano koma makutu akale, ndipo nthawi zina amabwerako atatalikira anthu kuposa mmene anapitira, chifukwa tsopano ayesa kuti wa makala alibe choti angamuuze. Tikumbukire kuti amene anapeputsa mboni za ku Twapia mu 1962 sanali mbuli. Anali oweruza ndi akatswiri ophunzira koposa onse m'Chitaganya. Nkhawa yachiwiri ndi yakuti maphunziro sapindula kanthu ngati kukwezedwa pantchito kudalira kumwetulira kwa andale, pakuti wophunzira amene aona kuti mnzake wakwera chifukwa chogwada, posachedwa amapinda dipuloma yake naphunzira kugwada. Mabungwe olandira madandaulo a anthu, monga Police Public Complaints Commission imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016, ayenera kukhala ndi mano, kuti mtsogoleri wowongoka akhale ndi potsamira.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipatsa chiyembekezo, ndicho chakuti zipangizo zonse zili pafupi. Yunivesite ya Copperbelt, imene inakhazikitsidwa ku Kitwe mu 1987, ili ndi sukulu ya zamalonda ndi kayendetsedwe ka ntchito, ndiponso ili ndi nthambi ya maphunziro apamwamba a mtendere ndi kuthetsa mikangano yotchedwa ndi dzina la Dag Hammarskjöld yemweyo. Kamfinsa, kumene kuli sukulu ya apolisi ndi ndende yaikulu, ili m'boma lomwelo la Kitwe. Makhoti aakulu ali ku Ndola ndi ku Kitwe. Malo amene ndege ija inagwera, amene tsopano ndi chikumbutso chosungidwa ndi boma, ali pamtunda woti munthu angapite ndi kubwerako tsiku lisanapendeke. Sindidziona ngati wopempha chinthu chachikulu ndikati aphunzitsi a ku Kitwe, akuluakulu a polisi, a ndende, a makhoti ndi oimira boma pamilandu akhale pamphasa imodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga, nakonze maphunziro amene wapolisi, woyang'anira ndende ndi majisitireti adzakhala m'kalasi limodzi, aliyense amve mmene kuchedwa kwake kumapwetekera mnzake. Pakuti amene aphunzira padera adzagwiranso ntchito padera, ndipo mnyamata uja adzagwerabe pakati pawo.

Kwa inu bwana amene mwapeza malo pasukulu chaka chino, kaya mwalipiriridwa ndi boma kaya mwadzimana pamalipiro anu, ndikupemphani ichi. Pofika nthawi yosankha mutu wa kafukufuku, musapite kutali. Tengani buku la zochitika la siteshoni imodzi ya m'komboni, muwerenge madandaulo onse a miyezi 12, mutsate lililonse kufikira pamene linathera, ndipo mulembe masiku amene munthu aliyense womangidwa anakhala asanaone woweruza. Mukafunse amayi a pamsika, oyendetsa minibasi ndi owotcha makala chimene chimawaletsa kubwera kudzanena zimene aona, ndipo muwafunse m'chilankhulo chawo, mutavula chipewa. Mukamaliza, aphunzitsi anu asanakuvekeni mkanjo, mubwerere ku Twapia, muitanitse anthu m'holo ya sukulu kapena m'tchalitchi, muwawerengere zimene mwapeza, ndipo muwauze tsiku limene mudzabwerenso kudzanena zimene mwakonza.